Mota Imene Ndinawotcha ku Peckham

Ana anga, inu mumandidziwa ngati munthu wa ku Wembley, chifukwa n'kumene ndinagwira ntchito ya magetsi mpaka kupuma. Za ku Peckham mumangodziwa kuti kunali londire, fakitale yochapa nsalu, ndi kuti kumeneko n'kumene tinadziwirana ndi Mayi Zulu, amene mumawatchula kuti anti. Chimene chinandichotsa ku londireyo sindinakuuzenipo. Mutandifunsa muli aang'ono ndinati ntchito inangotha, ndipo linali bodza. Nkhani yake ndi ya ntchito ya Mayi Zulu: mmene ndinaipulumutsira, ndi mmene ndinatsala pang'ono kuwachotsetsa ine ndemwe.

1974

Ndinafika kuno kudzera ku Lusaka, nditathawa kwathu pa zifukwa zimene mukuzidziwa. Mapepala anga a zamagetsi a ku Blantyre azungu ankawatembenuza uku ndi uku, n'kundibwezera mwaulemu. Ntchito yoyamba ndinaipeza m'londire yaikulu ya ku Peckham, yochapa mashiti a pabedi ndi matawulo a zipatala ndi mahotela. Anandilemba monga wothandiza wa zamagetsi, ine amene kwathu ndinkayang'anira anthu. Inali nyengo yozizira, ndipo chaka chimenecho magetsi ankazimazima mu London muno, makandulo n'kusowa m'mashopu. Ndinkaseka ndekha m'basi kuti ndayenda ulendo wonsewu kudzapeza mdima.

Koma malowo ndinawakonda, ndinene zoona. Kunja kunali chifunga, m'kati munali nthunzi, moti m'mawa ukalowa sunkadziwa pamene msewu wathera. Anthu ankatulukira mu nthunzimo pang'onopang'ono, mutu kaye, kenako mapewa, atanyamula nsalu zoyera. Kunali kofunda, kunkanunkhira sopo. Nthawi zina ndikakwera makwerero kukakonza getsi la kudenga, ndinkangoima pamwambapo n'kumayang'ana pansi, maganizo ali ku Mulanje, mpaka wina andiitane.

Wondiitanayo kawirikawiri anali Len, mzungu wachikulire amene anali mkulu wanga pa zamagetsi. Len sankalankhula zambiri. Akafuna kudziwa ngati mota yoyendetsa makina ili bwino, ankaika nsonga ya sikuludiraiva pa motayo, chogwirira chake pa khutu, n'kutsinzina. Ndinkamuona ngati sing'anga, koma sankaphonya.

Mayi Zulu ndinawamva ndisanawaone. Tsiku lina ndikudutsa kuseri kwa makina ofinya madzi, ndinamva munthu akukalipira makinawo m'Chinyanja cha ku Lusaka: "Iwe, leka kuvina, nilibe nthawi ine." Ndinaima. Panali patapita miyezi ndisanamve chilankhulo chathu kunja kwa nyumba yanga. Ndinati, "Mayi, kodi amamva?" Iwo anatembenuka, n'kundiyang'ana kuyambira kumapazi, amvekere, "Amvera kupambana amuna. Ndimwe a kuti imwe?" Anali a ku Chipata. Amuna awo anabwera kudzaphunzira, n'kumwalira asanamalize, kuwasiyira ana atatu m'chipinda chimodzi cha lendi. Kuyambira tsiku limenelo ndinali Ba Nkhoma, ndipo Lamlungu lotsatira ndinawatengera ku tchalitchi kwathu ku Lewisham kukawaonetsa amayi anu.

Makina awo ankawatcha sipina. Unali mgolo waukulu wachitsulo umene umazungulira mwaliwiro kufinya madzi m'mashiti. Mashiti akaunjikana mbali imodzi, mgolowo unkagwedezeka, ndiko kuvina kuja. Azimayi onse anali ndi njira yawo: kuzimitsa swichi, kuwerenga mpaka katatu, n'kuyatsanso mgolo ukadazungulira, kuti mashiti akhazikike. Buku la malamulo linkaletsa zimenezo, koma aliyense ankachita, ndi mabwana omwe ankaona. Ine ndinawaona Mayi Zulu akutero kosawerengeka.

1979

Zaka zimenezi ndinkapita ku sukulu yamadzulo ku Lewisham kuti ndipeze mapepala a kuno. Kumeneko ndinakumananso ndi phunziro limene ndinalikonda kuposa onse, la pawa fakita. Ndikufotokozereni, chifukwa popanda ilo simumva chimene ndinalakwa.

Magetsi a m'mawaya athuwa sayenda njira imodzi, amapita ndi kubwerera kambirimbiri pa sekondi. Ukayeza mavoti, n'kuyeza maampu, n'kuchulukitsa ziwirizo, umapeza katundu yense amene waya wasenza. Koma ukaika mita ya mawati, imene imayeza mphamvu yogwiradi ntchito, umapeza nambala yocheperapo. Ukagawa yaing'onoyo ndi yaikuluyo, yankho lake ndiyo pawa fakita. Ikakhala wani, ndiye kuti magetsi onse olowa akugwira ntchito. Ikatsika, ena akungoyenda. Chimachititsa n'chakuti mota imafuna maginito kuti izungulire, ndipo magetsi opanga maginitowo amachoka ku siteshoni, kufika ku mota, n'kubwerera osafinya shiti ngakhale imodzi. Ine ndinkawatcha magetsi operekeza. Kwathu mlendo akamapita timamuperekeza mpaka pamsewu n'kubwerera. Sitinapite kulikonse, koma njira taiponda. Waya nayenso amatenthedwa ndi operekezawo chimodzimodzi ndi ogwira ntchito. Mankhwala ake ndi kapasita, kabokosi kachitsulo kamene umakaika pafupi ndi mota. Iko kamasunga magetsi operekezawo n'kumapatsirana ndi mota pomwepo, osadzazanso waya wochokera kunja.

Ndinkaganiza za zimenezi m'basi, nditatsamira zenera. Ndinkaona m'maganizo mwanga mawaya onse a pansi pa London, odzaza ndi magetsi opita ndi kubwerera, osafika kulikonse, ndipo zinkandimvetsa chisoni chimene sindikanatha kuuza munthu. Kawiri konse ndinapitirira sitopu yanga.

1981

Chaka chimenechi mafakitale ankatsekedwa ponseponse, ndipo kwathu ku londire kunabwera manejala watsopano, Bwana Harwood. Anali wachinyamata, wosakwiya msanga, koma wosabwereza mawu. Vuto limene anapeza linali la kebulo yaikulu yolowetsa magetsi m'londire. Inkatentha moti sungaigwire, ndipo mafiyuzi ankaphulika mlungu uliwonse makina onse akayaka pamodzi. Kuika kebulo ina kunafuna kukumba msewu, ndipo eni londire anakana. Bwana Harwood anatiitana ine ndi Len n'kunena kuti pofika Isitala achotsa masipina onse anayi, mashiti azikafinyidwa ku londire ina. Azimayi asanu ndi atatu a kumeneko ntchito iwathera.

Mayi Zulu anamva tsiku lomwelo, poti m'londire nkhani inkayenda msanga kuposa nthunzi. Anandipeza pa benchi yanga, n'kuima osakhala. "Ba Nkhoma, ni zoona?" Ndinati ndi zoona. "Manje nizayenda kuti na bana batatu? Wamkulu, Joyce, alemba mayeso chaka cha mawa." Mawu anangotuluka okha: "Mayi, ndipatseni milungu iwiri."

Ndinabwereka mita ya mawati ku sukulu kuja, n'kuyeza mota iliyonse m'londiremo, ndikulemba m'kabuku kanga. Mmene ndinkaganizira ndi mmene zinalili. Mamota athu anali akale ndi aakulu kuposa ntchito yawo, ndipo pa magetsi khumi alionse odutsa m'kebulo ija, ogwira ntchito sankakwana asanu ndi awiri. Ndinapita kwa Bwana Harwood ndi pepala limodzi lokha. Ndinamujambulira mizere itatu yokumana, wina wa ogwira ntchito, wina wa operekeza, wachitatu wa katundu yense, n'kumuonetsa kuti tikafupikitsa wa operekezawo, kebulo yomweyo isenza makina onse. Anayang'ana nthawi yaitali, n'kufunsa, "Ukutsimikiza?" Ndinati ndikutsimikiza. Anati makapasita atsopano sagula, koma ndikapeza ogwiritsidwa kale ntchito ndiyese.

Tinawapeza ku fakitale ina imene inali itatsekedwa kufupi ndi mtsinje. Ndimakumbukira holo yaikulu yopanda munthu, nkhunda zikuuluka kudenga, kuwala kukulowa m'mazenera osweka, ine ndi Len tikumasula mabokosi m'khoma. Tinatenga onse amene analipo, ndipo anatsalako ena titaika pa mota iliyonse.

Otsalawo ndi amene anandilowa m'mutu. Titamaliza, singano ya mita ya pawa fakita inakwera kudutsa pa ziro poyinti naini. Kebulo inazizira, mafiyuzi anasiya kuphulika. Len anapukuta manja n'kunena, "Basi, yakwana." Koma ine ndinkayang'ana kampata kotsala pakati pa singano ndi wani. Ndinkafuna wani weniweni. Zaka zisanu ndi ziwiri ndinali wothandiza, mapepala anga akunyozedwa, ndipo ndinkafuna kuti tsiku lina mzungu wa ku kampani ya magetsi adzaime pa mita imeneyo n'kufunsa kuti wachita izi ndani. Len anandiuza mosazungulira: "Nkhoma, usathamangitse wani. Makamaka pa sipina. Ukaipatsa kapasita yoposa imene ikufuna, ukaizimitsa mgolo ukadazungulira, mota imasanduka jenereta, imadzipangira magetsi akeake. Ukaiyatsanso pamenepo, magetsi awiriwo amawombana." Ndinati ndamva. Zimenezo ndinali nditaziwerenganso m'buku. Koma Len atapita kutchuthi, ndinawonjeza kapasita yachiwiri pa sipina yaikulu, ya Mayi Zulu, ndikudziuza kuti mota yaikulu chotero siingamve kanthu. Singano inakagona pa wani. Ndinaimirira pamenepo ndikuiyang'ana, mtima uli mbee. Zoti ndiwauze Mayi Zulu asiye kuzimitsa ndi kuyatsa kuja sizinandidutse n'komwe m'mutu.

Isitala inadutsa, masipina ali m'malo. Azimayi aja anandigulira sikafu ya ubweya, ndipo Mayi Zulu ankauza aliyense ku tchalitchi kuti Ba Nkhoma ni injiniya wa zoona. Ndinasangalala kwambiri, sindibisa.

1982

Zinachitika Lachitatu m'mawa, m'nyengo yozizira. Ndinali pa makwerero pamene ndinamva kuphulika, kenako chitsulo chikukhulana. Nditatsika ndinapeza utsi wakuda ukusakanikirana ndi nthunzi, mgolo ukuzungulira wokha pang'onopang'ono, ndi Mayi Zulu ataima chilili, dzanja likadali pa swichi. Sanavulale. Mota inali itapsa, ndipo cholumikizira mota ndi mgolo chinali chitathyoka. Fungo la waya wopsa litangondifika, ndinadziwa.

Bwana Harwood anafunsa funso limodzi: "Munachita chiyani?" Mayi Zulu anayankha zoona, kuti anazimitsa n'kuyatsanso monga mwa masiku onse. Iye anatsegula buku la malamulo, n'kuwaonetsa mzere woletsa zimenezo, n'kuwauza kuti apite kunyumba, kalata yowachotsa adzaitenge Lolemba. Ine ndinali pomwepo, mamita awiri kuchokera pa iwo. Mayi Zulu anandiyang'ana, osati mondiganizira choipa, koma monga munthu woyembekeza kuti mnzake wodziwa zinthu anenapo kanthu. Ndinayang'ana pansi.

Masana ake ine ndi Len tinatsegula bokosi la sipina ija. Anaona makapasita awiri. Kenako anatseka chitseko chake bwinobwino n'kunena, "Ine ndikupuma ntchito mu Juni. Sindinena kanthu. Ndi zako izi."

Ndikuuzeni zimene zinali m'mutu mwanga, ngakhale sizindikometsa. Ndinkati ndikaulula, Bwana Harwood anena kuti makapasita ndi oopsa, awachotsa onse, ndipo azimayi asanu ndi atatu apita m'malo mwa mmodzi. Chifukwa chimenecho chinkamveka bwino, ndipo ndinachigwira zolimba. Koma pansi pake panali mantha wamba. Inu munali aang'ono, ntchito zinali zitasowa m'dziko muno, ndipo ine ndinalibe kwathu kobwerera. Ndinkatinso lamulo Mayi Zulu analiphwanyadi, ndani angatsutse? Lachinayi ndinagwira ntchito. Lachisanu ndinagwira ntchito. Ndinkayenda m'nthunzi muja ngati ndili m'tulo, anthu akandilankhula mawu awo ankamveka kutali. Malo a Mayi Zulu anali opanda munthu, epuloni yawo ikadali pa msomali.

Lamlungu sanabwere ku tchalitchi. Titaweruka, amayi anu anati tiyende wapansi kudutsa m'paki, inu muli patsogolo. Kunali chifunga chochepa, mitengo yopanda masamba ikuoneka mwa apo ndi apo. Ndinawauza zonse, ndi za azimayi asanu ndi atatu zomwe, ndikuzikonza bwino kuti zimveke zanzeru. Anamvetsera osandidula. Nditamaliza anati, "Abambo a Chikondi, kapasita yachiwiriyo anaika ndani?" Ndinati ndine. "Amake Joyce ankaidziwa?" Ndinati ayi. "Ndiye mukufuna ine ndikuuzeni chiyani? Ngati mukuopa njala, nenani kuti mukuopa njala, ndikumvetsani, nanenso ndikuiopa. Koma musandiwerengere azimayi asanu ndi atatu." Ndinakwiya, ndinayenda patsogolo ndekha mpaka pageti. Chinandikwiyitsa n'chakuti sananame.

Lolemba ndinafika ku ofesi Bwana Harwood asanavule jekete. Ndinatenga kabuku kanga, n'kumuonetsa mawerengero awiri: kapasita imene sipina inkafunika, ndi imene ndinaikapo. Ndinamufotokozera kuti Mayi Zulu akhala akuzimitsa ndi kuyatsa motero zaka zonse popanda chopsa, ndipo chinasintha ndi chimene ndinawonjeza ine, Len atandiletsa. Anafunsa, "Ndiye mabokosi akowa amawotcha mamota?" Ndinati, "Ayi bwana, mabokosi alibe mlandu. Enawo ndi a saizi yoyenera, Len akhoza kuyeza. Motayo ndawotcha ndine." Anandiyang'ana, n'kufunsa chimene ndinkaopa: "Unadziwa liti?" Ndinati Lachitatu. Anagwedeza mutu pang'ono. Anati kulakwitsa mawerengero akanandikhululukira, koma sangasunge wa zamagetsi amene amaonerera wina akuchotsedwa pa mlandu wake. Anang'amba kalata ya Mayi Zulu ine ndikuona, n'kuuza kalaliki alembe yanga. Makapasita anawasiya. Len anachotsa yachiwiri ija, mota ina inabwera, ndipo azimayi onse asanu ndi atatu anakhala. Ine ndinakhala pakhomo miyezi isanu ndi itatu, amayi anu akugwira mashifiti awiri ku chipatala.

Lachisanu la mlungu umene anandichotsawo ndinapita kukatenga bokosi langa la zida. Len anandigwira chanza. Ndikutuluka pa khomo la kumbuyo, kumene nthunzi inkatulukira kunja, ndinapeza Mayi Zulu ataima, atavala epuloni yawo. Ndinene zoona, ndinkayembekeza zikomo. Ndinali nditakonza kale yankho lodzichepetsa.

"Ba Nkhoma," anatero, "ati munaziba kuchokera pa Chitatu."

Ndinati inde.

"Pamene bwana anali kunionetsa buku, imwe munali kuziba?"

Ndinati inde, Mayi.

Anapotokola nsonga ya epuloni. Sanakweze mawu. "Masiku asanu sininadye. Ninali kuganiza kuti nine chitsiru, naononga nchito imene Ba Nkhoma ananipulumutsira. Ninali na nsoni kubwera ku tchalitchi, kuopa kukumana na imwe. Pa Sondo ninakhazika bana pansi, nabauza kuti tibwerera ku Chipata, Joyce aleke sukulu. Mwana analira mpaka kusanza."

Ndinati pepani. Ndi mawu okhawo amene ndinali nawo, ndipo anali aang'ono kwambiri.

"Nchito mwanibwezera, zikomo," anatero. "Koma masiku aja asanu, Ba Nkhoma, siniziba."

Wina anawaitana m'kati kuti mashiti akudikira. Anatembenuka n'kulowa, nthunzi n'kuwaphimba. Ndinaima panjapo ndi bokosi langa mpaka ndinamva sipina ikuyamba kuzungulira, kenako ndinapita kukakwera basi. Panapita chaka chathunthu asanandipatse moni, ndipo sindinawaone kulakwa.